Nkhanga ndi Chofunda cha Nthenga

Padangokhala, kalekale mbalame zisanabalalike, zonse zikadali ndi mudzi umodzi ndi nkhokwe imodzi.

Mfumukazi ya mudziwo idali Nang'omba, mayi wokalamba amene ankangowodzera pa milandu. Zonse ankayendetsa ndi nduna yake, Khwangwala, amene adalinso mwini nyimbo ya mudzi.

M'mudzimo mudali mwambo. Chisanu chikamayandikira, amayi ankasonkhana pabwalo katatu, aliyense ndi dengu lake, kudzadzisosola nthenga. Nthengazo ankazilukira ku chofunda chachikulu chimene chinkasungidwa m'nkhokwe, ndipo lamulo lidali lakuti aliyense wa m'mudzimo akagwidwa ndi chisanu pabwalo, amufunditse chofundacho nkhani ina iliyonse isanakambidwe. Mayi amene nthenga zake zaposa za onse chaka chimenecho, dzina lake linkalowa m'nyimbo.

Nyimboyo idalibe mawu ambiri. Khwangwala ankatchula dzina mokokera, amayi nkuvomera chapansipansi uku akuwomba mapiko, iye nkutchulanso lina. Inkayenda pang'onopang'ono ngati onyamula maliro. Ambiri mwa otchulidwawo adapitadi ndi chisanu cha chaka chomwe adapambanacho, koma zimenezi panalibe amene ankazinena mokweza.

Nkhanga masiku amenewo adali ndi nthenga zamawangamawanga kuyambira kumchira mpaka pamwamba pamutu. Mayi ake, Namaseko, adalowa m'nyimbo iye akadali mwanapiye. Nkhope yawo sankaikumbukira. Ankangokumbukira khungu lozizira limene ankagona pansi pake, ndi mmene khungulo linkanjenjemera. Chaka chilichonse Khwangwala akafika pa dzina la Namaseko, Nkhanga ankatseka maso nkumva ngati mayi ake amukhudza. Tsono chaka chimenechi, ali ndi anapiye ake, adatsimikiza mtima kuti dzina lake likakhale pafupi ndi la mayi ake.

M'nyumba mwake munkakhala mlamu wake, Mleme. Ameneyu adali mtengwa. Adakwatiwa ndi mchimwene wa Nkhanga, mwamunayo adatengedwa ndi kabawi, koma Mleme sadabwerere kwawo. Nthenga adalibe ngakhale imodzi, ndipo amayi ankamuseka kuti pa mwambowu alibe chake.

"Alamu," adatero Mleme ali lende padenga, "ndamva kuti mukufuna kuyimbidwa."

"Mwamva bwino."

"Nanga nyimboyo mudzaimvera kuti? Kumanda mawu amafikako?"

"Inu mungadziwe chiyani? Munabadwa osavala."

"Ndiye chake ndikudziwa kuzizira kwake," adayankha Mleme. Atawona kuti Nkhanga sakuseka, adasintha mawu. "Chabwino. Ngati mukupita, pitani mukuwala. Ndili ndi mafuta akwathu. Nthenga zodzola amenewo zimalemera m'dengu."

Nkhanga adavomera. M'mawa wa tsiku loyamba Mleme adamudzoza kumsana, m'mapiko ndi pachifuwa, uku akuyamikira kuti lero a Khwangwala achita chidwi. Mafutawo adali utomoni wa kachere.

Pabwalo nyimbo idayamba, amayi nkuyamba kudzisosola. Nkhanga adakoka nthenga ya kumsana, koma idamatirira ku inzake. Adakoka ina, mlomo udakakamira. Dengu lake lidali mbee, pamene la mnzake wa paubwana, Nkhwali, lidali litafika kale pakati.

Khwangwala adaimitsa nyimbo. "Mwana wa Namaseko, wadzera kudzawonerera? Mayi ako pofika nthawi ino msana unali utayera."

Amayi adaseka. Nkhanga adamva moto m'maso. Adakumbukira kuti kumutu Mleme sadafikeko, powopa maso. Adakweza phazi nkuyamba kudzikanda ndi zikhadabo, kudzikanda, kudzikanda, mpaka mutu wonse udatsala khungu lokhalokha. Nthungululu zidamveka, ndipo Khwangwala adati magazi a Namaseko awonekera.

Pobwerera, Nkhwali adamuimitsa panjira. Adatapa dothi lonyowa nkumumata pamene pankatuluka magazi, kenako adayenda mbali ya kumphepo mpaka kufika pakhomo, chonsecho nayenso msana wake udali pamtunda.

Mleme atamuwona adatsika padenga. "Mayo ine! Ndinaiwala mutu."

"Munandichititsa manyazi, alamu."

"Manyazi sapha. Taonani mutuwo, ngati dzira loti khoswe wayamba kale."

Nkhanga sadamuyankhule masiku angapo.

Tsiku lachiwiri la mwambo litafika, Mleme adalowa m'nyumba akupumira m'mwamba. "Alamu, gonani. Mfumukazi yadwala mutu, mwambo auika mawa."

Nkhanga adakhulupirira, pakuti naye mutu unkamuwawa. Adafungatira anapiye ake nkugona. Mleme adatenga dengu, nkulidzaza ndi thonje limene adali atalipota ngati nthenga. Adalidontheza phulusa ndi makala kuti lioneke mawanga, ndipo kunsonga kulikonse adapakako madzi ofiira a mtengo wa mlombwa. Adapita nalo kubwalo.

"Alamu anga afooka," adatero. "Adzisosola kunyumba mpaka alephera kuyenda. Dengu lawo ndi ili."

Khwangwala adapisa mlomo, nkuona kufiira kunsonga, nkugwedeza mutu. Lidali dengu lodzaza kuposa onse. Adayamba kuyeserera dzina la Nkhanga m'nyimbo, kuona ngati likukhala bwino pakamwa, ndipo amayi adavomera mokweza kotero kuti mawuwo adakafika kunyumba.

Nkhanga adadzidzimuka. Adathamanga mpaka pabwalo nkuima kumbuyo kwa khamu. Adamva dzina lake likuyimbidwa, ndipo kunena zoona, lidamukomera. Akadangobwerera mwakachetechete, palibe akadadziwa. Koma adaona Nkhwali ataima pambali, mapiko ali ofiira, akuyang'ana dengu lake laling'ono, kenako lalikulu lija, kenako lake.

"Si zanga zimenezo," adatero Nkhanga.

Nyimbo idaduka. Khwangwala adamwaza dengu lija pansi, thonje lidauluka.

"Koma limafunda," adatero Mleme. "A Khwangwala, tayesani. Limafunda kuposa nthenga. Lili mbwee kuthengo, lopanda wolilira."

"Ife sitiyimba kufunda," adayankha Khwangwala. "Timayimba chimene mayi wachotsa pathupi pake. Iwe wanyoza mwambo, ndipo ulangidwa."

"Ine? Lamulo la mbalame lindigwira bwanji? Onani mano awa. Onani makutu. Ine si mbalame, bwana, ndine mlendo chabe."

"Mlendo wanji wodya zathu zaka zonsezi? Ndiwe wa mudzi uno!"

"Mwina theka."

"Yense! Kuyambira kumakutu mpaka kuzala!"

"Ndiye kuti malamulo ena amandikhudza, ena ayi?"

"Onse! Lamulo lililonse la mudzi uno ndi lako. Mwamva nonse?"

Amayi adati amva. Ngakhale mfumukazi idatsegula diso nkuvomera. Mleme adaweramitsa mutu ngati wogonja, nkulandira chilango chosesa bwalo mwezi wathunthu.

Koma dengu la Nkhanga lidali likadali lopanda kanthu, ndipo maso onse adali pa iye. Utomoni udali usanachoke kumsana. Adapinda khosi, nkuyamba kusosola pamene mlomo ndi zikhadabo zinkafika, mpaka khosi lonse lidatsala losavala. Mphepo idamulowa ngati singano.

Madzulo ake chifuwa chidamuyamba. Anapiye adamuzungulira, ndipo kamodzi kadafunsa ngati khosi la amayi lidzamerenso. Mleme adakatumiza kukasewera.

"Alamu," adatero motsitsa mawu, "kwatsala tsiku la nthenga za pachifuwa. Pamenepo ndi pogona ana. Pamenepo ndi pamene pali mtima wanu."

"Amayi anapereka chifuwa."

"Ndipo inu munagona pati?"

Nkhanga adati, "Simukumvetsa. Ndilibe china chawo. Ndilibe mkanda, ndilibe mphika. Ndili ndi dzina lija basi. Ine ndikangofa wamba, ana anga adzatsala ndi chiyani?"

"Mukapanda kufa adzatsala ndi inu."

"Aliyense amafa, alamu."

"Inde, koma ena amadikira kuitanidwa."

Nkhanga adatembenukira kukhoma. Mleme adakwera padenga, ndipo tsiku limenelo sadanenenso nthabwala.

Tsiku lachitatu lidafika ndi mwera. Utomoni udali utachoka ndi kusamba m'fumbi, ndipo Nkhanga adalibenso chomutchinga. Adapsompsona anapiye ake mmodzimmodzi, adatenga dengu, nkupita. Ili lidali tsiku la chifuwa, tsiku limene dzina limadziwika. Amayi ambiri adali atasiya kale mpikisano. Otsala pakati pa bwalo adali awiri, Nkhanga ndi Nkhwali.

Khwangwala adakonza kukhosi kuti ayambe. Pomwepo Mleme, amene ankasesa chakumbali, adagwetsa tsache. Adazandima, adagwa chagada, mapiko adauma gwa, mano nkumagundana kuti aliyense amve.

"Chisanu!" adakuwa mayi wina. "Chisanu chamugwira mtengwa!"

"Mukokereni uko," adatero Khwangwala. "Tili ndi mwambo."

"Lamulo likuti afunditsidwe," adatero Nkhwali.

"Lamulolo ndi la mbalame. Uyu ndi khoswe wamapiko."

Mleme adabuula ali pansi pomwepo. "Kuyambira kumakutu... mpaka kuzala..."

Amayi adayamba kung'ung'udza. Mfumukazi Nang'omba idadzuka. "Nduna, unanena wekha, ine ndikumva. Katengeni chofunda."

Nkhanga adazindikira nthawi yomweyo kuti chibadwire sadachionepo chofundacho. Odwala chisanu sankagwera pabwalo. Ankafera m'nyumba zawo, pochita manyazi kutuluka osavala. Lero aona nthenga za mayi ake.

Atsekwe awiri adalowa m'nkhokwe. Adachedwa. Potuluka adanyamula chinthu chachikulu chotuwa, akuyenda mosamala. Pamwamba pake padali nthenga za chaka chino, zikadali zowala. Atati achitambasule, chidathetheka pakati. Fumbi lidakwera, ndipo m'fumbimo mudatuluka njenjete zosawerengeka. Pansi padatsala timitengo ta nthenga ndi zitosi za mbozi.

Nkhanga adayandikira nkupalasa fumbilo ndi phazi. Sadapeze ngakhale nthenga imodzi yamawanga.

Njenjete ina idadutsa pamphuno pa Mleme. Wodwala uja adatsegula diso, adaiwakha, nkuimeza. Kenako adadzuka nkudzisasa.

"Zonona ngati za chaka chatha," adatero. "Amayi inu, mumadabwa kuti mtengwa wopanda munda akunenepa ndi chiyani. Ndimadya m'nkhokwemo. Nthenga zanu zimadyetsa njenjete, njenjete zimadyetsa ine. Ndikadanena pakamwa, ndani akadakhulupirira khoswe wamapiko?"

Nkhanga adaganiza kuti tsopano amayi akuwa, mwambo utha. Koma Khwangwala adadumphira pachitsa.

"Mwaona nokha!" adafuula. "Chofunda chatha! Mudzi uli pamtunda! Ngati kudafunikapo amayi olimba mtima, ndi lero. Tiyambirenso!"

Ndipo adayamba nyimbo. Poyamba adayimba yekha. Kenako mayi mmodzi adavomera, wina adawomba mapiko, ndipo posakhalitsa bwalo lonse lidali kuyenda ndi nyimboyo monga mwa masiku onse, pakuti kuvomera kudali kopepuka kusiyana ndi kuyang'ana fumbi lija.

Nkhanga adaika mlomo pachifuwa. Adagwira nthenga yoyamba. Adati adikire dzina la mayi ake, akalimva akoke. Khwangwala adatchula dzina, amayi adavomera. Adatchula lina. Adafika pamene Nkhanga ankatsekera maso, ndipo adapitirira.

"Mwadumpha," adatero Nkhanga.

Khwangwala sadamve.

"A Khwangwala, mwadumpha amayi!"

Nduna idaima mokwiya. "Nyimbo ili ndi malire, mwanawe. Mpweya wanga ndi womwewu. Wina akamalowa, wina amatsika. Ndakonzeratu malo a wopambana lero."

"Mwatsitsa amayi kuti ndilowe ine?"

"Iwe kapena mnzakoyo. Ukudandaula chiyani? Ayimbidwa zaka zambiri a... a..." Adayang'ana kumwamba. "Mayi ako aja."

Masiku ochepa chabe m'mbuyomo dzinalo lidali pakamwa pake pomutonza nalo. Lero lidali litatha ntchito.

Nkhanga adalekerera nthenga ija. Adaisalaza ndi mlomo kuti igone pamalo pake. Adatola dengu lake lopanda kanthu, nkupita pamene padaima Nkhwali.

"Tiye kunyumba, mnzanga."

Nkhwali adapukusa mutu. Ankanjenjemera kale. "Msana wapita, mapiko apita. Ndikachoka pano, zonsezo ndapereka chifukwa chiyani?"

"Zapita basi. Chifuwa chikadalipo."

"Iwe pita. Sindikukuseka, pita." Adayesa kumwetulira. "Dothi lija usaleke kumata, pakhosipo pakutupa."

Nkhanga adatuluka m'bwalo. Kumbuyo kwake wina adati mwana wa Namaseko wathawa, wina adalavula. Asanafike patali adamva nthungululu, ndipo adadziwa kuti Nkhwali wayamba.

Mleme adaweruzidwa tsiku lomwelo. Khwangwala adati wanamiza mfumukazi ndipo waulula za m'nkhokwe, choncho achoke m'mudzi, asadzaonekenso dzuwa likuwala. Adabwera kunyumba kudzatsanzika.

"Ndinakunamizani katatu, alamu. Mukwiye pang'onopang'ono, musadwale nazo."

"Mupita kuti?"

"Kuli mapanga. Kulibe nyimbo, koma ndamva kuti kulibenso nduna." Adamuyang'ana mutu ndi khosi. "Mwanyansa, alamu. Koma muli moyo. Muzidya. Dzuwa likatuluka muziwothera, musadikire kuti wina akuuzeni kuti mwagwira ntchito yokwanira."

Nkhanga adamuperekeza mpaka kumalire a mudzi.

Chisanu cha chaka chimenecho chidali choopsa. Nkhanga adadwala chifuwa, koma nthenga za pamtima zidamusunga. Ankapita kwa Nkhwali m'mawa uliwonse ndi chiswe pang'ono, nkukhala momutsamira kuti amugawireko kutentha. Sizidakwanire. Nkhwali adamwalira chisanu chisanathe, nkusiya anapiye ambiri.

Pamaliro amayi adabwera kwa Nkhanga. "Iwe ndiwe unatsala ndi nthenga. Tenga ana onsewa. Mwina utero uchotse manyazi."

Nkhanga adatambasula mapiko. Anapiye ake adalowa, kenako a Nkhwali adayamba kulowa mmodzimmodzi mpaka malo adatha. Adatseka mapiko.

"Awa akwana. Otsalawo agone kwa a Bakha ndi kwa a Chinziri. Masana abwere tizidyera limodzi."

"Ungowafinya, alowa."

"Ndikawafinya onse, m'mphepete muzizira, ndipo ine sindigona. Ndikadwala mudzawatenga ndinu?"

Amayi adayang'anana. Bakha adang'ung'udza, koma adatambasula phiko. Chinziri naye adatero.

Kenako Khwangwala adayamba nyimbo, ndipo kumapeto kwake kudamveka dzina latsopano. Amayi adavomera chapansipansi, akuwomba mapiko. Nkhanga sadawombe nawo, pakuti pansi pa mapiko ake padali ana. Kamwana kamodzi ka Nkhwali kadatulutsa mutu.

"Akutchula amayi."

"Inde, akuwatchula."

"Ndiye abwera?"

"Ayi, mwanawe."

Kadamvetsera mpaka nyimbo idatha. "Inu sanakutchuleni."

"Ine mulibemo."

"Nanga ife tizikutchulani kuti chiyani?"

Nkhanga adati, "Ukandifuna ungoitana, ndimva. Bweza mutuwo, mphepo ikulowa."

Mwambo uja udapitirira zaka zina, koma chaka chilichonse madengu ankachepa, pakuti ana aakazi amene adakulira pansi pa mapiko a Nkhanga sadapiteko, ndipo ana awo sadaudziwe nkomwe. Nthenga za kumutu ndi kukhosi sizidamerenso. Mpaka lero nkhanga imayenda mutu ndi khosi zili pamtunda, chifuwa chili chofunda bwino, ana ambirimbiri ali pambuyo, ena ake ena a eni. Dzuwa likakwera imasiya zonse nkugona m'fumbi, ndipo siipepesa kwa wina aliyense.

Nthano yanga yagona pomwepo.